Mapulani a Mayi Makutu

Pafakitale ina ya makatoni, makina akayamba kulira mwachilendo, anthu sankathamangira ku ofesi ya injiniya wamkulu. Ankangofuula kuti, "Itanani a Makutu!" Dzinali anamupatsa ndi amuna a m'wekishopu chifukwa cha kachitidwe kake. Ankatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga n'kuigunditsa pa chitsulo cha makina, chigwiriro n'kuchitsamiritsa kukhutu, kenako n'kutsinzina ngati munthu amene akumvetsera miseche ya m'chipinda china. Pakapita kamphindi ankanena kuti, "Beling'i ya kumanzereyi yatsala ndi masabata awiri." Ndipo inkafadi sabata yachiwiriyo isanathe.

Kumvera zitsulo sanayambire pafakitale. Bambo ake ankakonza mapampu a madzi kuseri kwa sitolo ina ya utoto, pansi pa chisakasa cha malata anayi, ndipo iye, mwana woyamba mwa atsikana atatu, ndiye ankagwira sipanala bambowo akamamasula bawuti. Bambowo anali munthu wa manja abwino koma wa khosi lofewa. Mwini pampu akabwera, kaya akhale wamng'ono chotani, iwo ankavula chipewa n'kumati "bwana" kasanu m'chiganizo chimodzi. Ana awo anawaphunzitsa zinthu ziwiri: kuti nati asamaimange mwaukali, ndi kuti munthu wamkulu asamamutsutse. Choyambacho chinamuthandiza Makutu moyo wake wonse. Chachiwiricho ndi chimene chinadzamugwetsa chagada.

Ku yunivesite anaphunzira uinjiniya wa makina, m'kalasi ya anthu makumi asanu ndi limodzi momwe akazi anali awiri okha. Anamaliza bwino, napeza ntchito pafakitalepo ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu. Anakwatiwa ndi mphunzitsi wa pulaimale, munthu wofatsa wokonda kuseka, nabereka mwana mmodzi wamkazi. Zaka khumi ndi chimodzi zinadutsa iye ali mu ovolosi ya buluu yomweyo, pa tebulo lomwelo la pakona, pafupi ndi zenera losweka limene anapempha kuti likonzedwe chaka chake choyamba.

Chimene ankafuna chinali chimodzi: digiri yachiwiri, yophunzira za kunjenjemera kwa makina. Khutu lake linkamuuza kuti chitsulo chikudwala, koma iye ankafuna masamu ake onse ndi zida zoyezera, kuti akanena chinthu pamsonkhano asamangoyankhidwa kuti, "Amayi amvanso mizimu." Komanso mipando yonse ya pamwamba pake inkafuna digiri imeneyo. Popanda iyo akanakalambira pakona paja.

Njira zophunzirira zinalipo, pa pepala. Yunivesite ya mumzindamo inkaphunzitsa digiri yachiwiri Loweruka ndi Lamlungu, koma wolipira ndiwe wekha, ndipo fizi yake mwamuna wake ataiona anangoseka n'kubweza pepalalo ngati likutentha. Kuwonjezera apo, chida chawo chokha choyezera kunjenjemera chinali chitafa kalekale, ndipo amene ankaitanidwa kukachiyang'ana ndi Makutu yemweyo. Kampani nayo inali ndi thumba la maphunziro, lotumiza munthu mmodzi pa zaka zitatu zilizonse, motsatira amene anayamba ntchito kale. Makutu anali wachisanu ndi chitatu pa mndandanda. Muwerenge nokha kuti akanapita ali ndi zaka zingati, ndi mano angati mkamwa. Kubanki anamufunsa chikole cha nyumba, chonsecho iye akukhala ya lendi.

Khomo lotsala linali limodzi. Bungwe lina lothandiza ophunzira linkalipira zonse, ulendo, chakudya ndi fizi, kwa zaka ziwiri pa yunivesite ya kunja yokhala ndi labotale yeniyeni. Malamulo ake anali atatu. Wopempha akhale wosakwana zaka makumi atatu ndi zisanu. Abweretse kalata ya abwana ake yonena kuti akumumasula ndipo adzamulandiranso. Aonetse ntchito zitatu zimene anazijambula ndi kuziganiza yekha. Makutu anali atayesapo kawiri. Ulendo woyamba kalata ya abwana inatuluka patatha sabata chitsekereni, ati chifukwa maoda anachuluka. Ulendo wachiwiri tsiku la mafunso linamupeza ali kuchipatala, mwana ali m'njira. Tsopano anali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi ndi miyezi isanu ndi iwiri. Ulendo wachinayi sukanakhalapo.

Abwana akewo, injiniya wamkulu, anthu ankawatcha a Chidindo, kumbali ndithu, chifukwa palibe ankakumbukira tsiku limene anawaona atagwira chinthu cholemera kuposa chidindo chawo. Anali munthu wa malaya oyera ndi mawu okoma, wodziwa kufunsa za ana a aliyense. Ndipo pafakitalepo anakhazikitsa kachitidwe kamene aliyense ankangoti ndi mmene timachitira kuno. Pulani iliyonse ya makina imakhala ndi kabokosi pansi, kudzanja lamanja, kokhala ndi mizere iwiri, wina wa dzina la wojambula, wina wa dzina la wovomereza. Pafakitale iyi wojambula ankasiya mizere yonse iwiri yopanda kanthu, pulani n'kupita kumtunda, a Chidindo n'kulemba dzina lawo pawiri ponse.

Sabata yake yoyamba Makutu, posadziwa, analemba dzina lake pa mzere wa wojambula. Anaitanidwa.

"Mwana wanga," anatero a Chidindo akumwetulira, "chitsulo ichi chikadzaduka n'kuvulaza munthu, apolisi adzabwera kwa ndani? Kwa ine. Wolembetsedwa ku bungwe la mainjiniya ndine. Ndikukutchinjirizani. Fufutani."

Anafufuta, nathokozanso. Inde, anathokoza, mawondo atapinda pang'ono monga anaphunzirira kwawo. Kuyambira tsiku limenelo kabokosiko ankakadumpha, mpaka maso ake anasiya kukaona n'komwe.

Ntchito yake yaikulu inali ya shafuti ya makina odulira makatoni, mtanda wachitsulo wautali kuposa munthu umene umazungulitsa mipeni. Shafutiyo inkaduka miyezi itatu iliyonse, fakitale n'kuima masiku anayi. A Chidindo anaitanitsa yonenepa kuposa yoyamba, inaduka. Anaitanitsa yonenepanso, inadukanso, nayo mota n'kupsa. Makutu anakhala masabata asanu ndi limodzi khutu lili pa chitsulo, akulemba manambala m'kope la mwana wasukulu. Anapeza kuti makina akafika pa liwiro lina, kugwedezeka kwa mota kunkagwirizana ndi kugwedezeka kwa shafuti, ziwirizo n'kumakankhana ngati ana awiri pa katungwe mpaka chitsulo kutopa. Sananenepetse kanthu. Anasuntha beling'i imodzi yochirikiza shafutiyo ndi zala zinayi zokha, naika cholumikizira cha mphira pakati pa mota ndi shafuti. Zaka zinayi zinadutsa shafuti osaduka. Eni fakitale anapereka mphoto, chikho chagalasi, ndipo chinakakhala pa tebulo la a Chidindo.

Ndiye pamene bungwe la ophunzira linafuna ntchito zitatu, Makutu sanavutike kusankha. Anatenga pulani ya shafuti ndi zina ziwiri, nalemba pa fomu kuti zonsezi n'zake, natumiza, poti chaka chimenecho kalata ya abwana ankaifuna pa tsiku la mafunso. Munthu wodziwa kumva beling'i imene idzafe sabata ya mawa sanaone dzina la a Chidindo litalembedwa ndi inki yakuda pansi pa pepala lililonse.

Yankho linabwera patatha mwezi. Anali m'gulu la anthu khumi ndi awiri oitanidwa ku mafunso, malo ali anayi. Koma pansi pa kalatayo panali ndime ina: mapulani amene mwatumiza ali ndi dzina la munthu wina, choncho mubwere ndi kalata ya abwana anu, ndipo mudzafotokoze. Makutu anawerenga ndimeyo ataima pakati pa wekishopu. Anapukuta manja pa nsanza nakwera masitepe.

Ofesi ya a Chidindo inali yozizira bwino, zenera lake lathunthu. Pakhoma panali satifiketi yatsopano ya bungwe la mainjiniya, ya udindo wapamwamba kwambiri, imene anailandira chaka chathachi.

"Khalani, mayi, khalani. Mwana ali bwanji? Makina a guluu aja mwawaona?"

"Ndawaona, bwana. Ndabwera ndi nkhani ya sukulu ija." Anawapatsa kalatayo. "Ndikupempha zinthu ziwiri. Kalata yondimasula, ndi mzere umodzi wokha wonena kuti mapulani atatuwa ndinajambula ndine."

A Chidindo anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Atamaliza anaika kalatayo pansi naiwongola ndi chikhatho.

"Mapulaniwa munawatulutsa ndi chilolezo cha ndani?"

"Ndi ntchito yanga, bwana."

"Ndi ntchito ya dipatimenti. Ndipo mutu wa dipatimenti ndine." Analoza satifiketi ya pakhoma ija ndi chibwano. "Mukudziwa kuti kuti ndilandire ichi ndinapereka chiyani? Shafuti yomweyi. Ndinalumbira pamaso pa anthu asanu ndi awiri. Lero mukufuna ndilembe ndi dzanja langa kuti ndinanama? Pa ukalamba wanga uno?"

Makutu anayang'ana satifiketiyo. Sankadziwa. Koma pakamwa pake panatuluka mawu a bambo ake aja.

"Ayi, bwana, sindikutero. Kungoti popanda mzerewo andiyesa wakuba."

"Palibe angakuyeseni wakuba. Tamverani, ine sindine munthu woipa. Kalata yokumasulani ndilemba lero lomwe lino, chidindo ndidinda, zaka ziwiri mupite, mpando wanu mudzaupeza. Ndilembamo kuti ndinu wothandiza wakhama amene sindinamuonepo. Akakakufunsani za mapulani, mukanene kuti munkathandiza. Kuthandiza si tchimo." Anatsitsa mawu, akumwetulirabe. "Koma mukakanena zina, iwo andiimbira foni. Ndipo ine ndidzawauza kuti kalata ija ndaibweza. Popanda kalata, mukudziwa nokha."

Analemba kalatayo iye ali pomwepo, nadinda mwamphamvu mpaka chikho chagalasi chija chinalira. Makutu anailandira ndi manja awiri. Mawu oti zikomo anafika pa lilime, koma ulendo uno anawameza.

Pansi pa masitepe anakumana ndi a Fita, mkulu wa imvi amene anasema cholumikizira cha mphira chija ndi manja awo, Makutu ataima pambali pawo masiku atatu. Anangomuyang'ana nkhope n'kudziwa kuti zinthu sizili bwino. Atamva nkhani yonse anatsonya mokweza mpaka anthu anacheuka.

"Munthu ameneyu shafuti amaidziwa kuti kumutu ndi kuti? Amayi, nditengeni ine. Ndikalumbira. Ndinalipo, manambala munkawerenga ndinu, iye ali ku msonkhano wodya."

"Mulibe pepala, a Fita. Kumeneko amamva mapepala. Ndipo chaka cha mawa mukupuma, mukufuna penshoni yanu isochere m'madirowa a kumtundaku?"

A Fita anakanda pamutu, nayang'ana pansi. Anali ndi zidzukulu zinayi pakhomo. Nkhani ya kulumbira inathera pomwepo.

Lamlungu masana mwamuna wake anali pa tebulo akuchonga makope a ana, iye akusita yunifolomu ya mwana. Kalata ya a Chidindo ija inali pakati pawo. Anali atakambirana kawiri kale, ndipo aka kanali kachitatu.

"Ine ndikuona chonchi, amayi a mwana," anatero mphunzitsiyo osakweza mutu. "Kalata muli nayo. Mukanene zimene akufunazo, mawu awiri okha. Mukwere ndege. Pobwera muli ndi digiri m'manja, mudzalembe dzina lanu paliponse, ngakhale pa chitseko cha kuchimbudzi."

"Mawu awiri okha! Zaka khumi ndi chimodzi wakhala akundidyera masuku pamutu, lero ndikamuthandizenso ndi pakamwa panga?"

"Nanga mukakanena zoona, iye n'kubweza kalata, mwapindula chiyani? Mudzakhala wolungama wa pakona pomwe paja."

"Inu mungakaime pamaso pa anthu n'kunena kuti mwana uyu si wanu, mumangothandiza kulera?"

Mphunzitsiyo anaika cholembera pansi, naganiza ndithu. "Ngati ndi njira yoti mwanayo apite patsogolo, ndikhoza kunena. Ndikalira pambuyo pake."

Makutu anafuna kumugenda ndi simbi, chifukwa ankadziwa kuti akunena zanzeru. Palibe chokwiyitsa ngati munthu wofatsa amene akulondola. Anasita kolala imodzimodziyo mpaka inayamba kununkha, kenako anati, "Chabwino. Ndikanena."

Mafunso anachitikira m'nyumba ina ya maofesi, pansanjika yachitatu, m'chipinda cha tebulo lalitali. Makutu anavala suti ya buluu imene anagula tsiku lolandira digiri yoyamba, yothina pang'ono m'mapewa tsopano. Zikhadabo anazitsuka ndi bulashi katatu koma girisi wa zaka khumi ndi chimodzi sachoka m'mawa umodzi. Kuseri kwa tebulo kunali anthu atatu. Pakati panali mayi wapampando wa bungwe la ophunzira lija, mafomu ali mulu patsogolo pake. Kumanja kunali bambo wina amene ntchito yake inkaoneka kuti ndi kuyang'ana wotchi. Kumanzere kunali pulofesa wokalamba wa magalasi okhuthala, wochokera ku yunivesite imene ophunzirawo ankapita.

Mafunso oyamba anayenda bwino. Chifukwa chiyani akufuna maphunzirowa, adzachita nawo chiyani akabwerera, mwana adzatsala ndi ndani. Funso lomalizali Makutu anakayika ngati amuna amene ankadikira panja analifunsidwanso, koma anayankha mwaulemu. Kenako pulofesa anatambasula pulani ya shafuti, naitsendereza m'makona ndi botolo la madzi ndi foni yake.

"Mwa mapepala onse amene ndaona sabata ino," anatero, "ili lokha ndi limene landichititsa kudzuka pampando. Anthu khumi akapeza shafuti ikuduka, asanu ndi anayi amagula yonenepa. Uyu sanatero. Anangosuntha beling'i pang'ono chonchi." Anaonetsa ndi zala. "Munthu sachita zimenezi mwangozi. Ndiuzeni, mayi, anaganiza zimenezi ndi ndani?"

Mayi wapampando anakweza cholembera. Kalata ya a Chidindo inali pamwamba pa fayilo, chidindo chake chofiirira chikuonekera kuchokera pamene Makutu anakhala. Iye anayang'ana chidindocho.

"Abwana anga," anatero. "Ine ndinkangothandiza."

"Munkathandiza chiyani?"

"Kuyeza. Kulemba manambala."

Pulofesa anagwedeza mutu pang'onopang'ono, nkhope yake n'kugwa. "Zachisoni. Pa fomu munalemba ngati n'zanu, ndiye ndinabwera ndi chiyembekezo. Mu labotale yanga muli malo amodzi, a ntchito yeniyeni imeneyi, ndipo ndakhala zaka zitatu ndikusaka munthu woganiza chonchi." Anayamba kupinda pulaniyo. "Abwana anuwo ali ndi zaka zingati? Kaya, zilibe kanthu. Tili ndi ndondomeko ina ya mainjiniya akuluakulu, yopanda malire a zaka. Nambala yawo ili pa kalatayi, eti?"

Apa ndi pamene china chake chinaduka mwa Makutu. Anaimirira, mpando n'kugwera kumbuyo.

"Ndine! Ndinajambula ndine! Munthu ameneyo shafuti imeneyi sanaigwirepo ngakhale ndi chala. Ndifunseni chilichonse. Ndifunseni liwiro limene inkayambira kulira, ndifunseni chifukwa chake zala zinayi osati zisanu, kope la manambala ndili nalo kunyumba, ndikhoza..."

"Mayi." Wapampando anakweza dzanja. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. "Khalani pansi. Pa fomu munalemba kuti ntchitoyi ndi yanu. Pa pulani pali dzina la wina, pa mizere yonse iwiri. Kalata ya abwana anu ikuti ndinu wothandiza. Mphindi ziwiri zapitazo inu mwavomereza ndi pakamwa panu, ndipo ndalemba. Tsopano mukuti ndinu. Ife tigwire ziti?"

"Zimene ndikunena panozi."

"Nanga dzina lanu bwanji palibe?"

Makutu anatsegula pakamwa. Akanati chiyani? Kuti ndi mmene timachitira kwathu? Kuti anafufuta yekha, nathokozanso? Zinthu zimene pafakitale zinkaoneka ngati ulemu, m'chipinda ichi zinkamveka ngati bodza la munthu wogwidwa.

"Ndinkalemekeza akuluakulu," anatero, mawu atatsika.

Pulofesa anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, ndipo zinaoneka ngati akufuna kufunsa kanthu. Koma bambo wa wotchi uja anayankhula kwa nthawi yoyamba. "Nthawi yatha. Panja pali anthu asanu ndi awiri."

Makutu anadzutsa mpando umene anagwetsa uja, naubwezera pamalo pake bwinobwino, natuluka.

Kalata yokana inabwera patatha masabata atatu. Inali ya mizere iwiri, yothokoza chifukwa cha chidwi chake ndi yomufunira zabwino. Sanalire. Anaipinda kanayi naiika m'thumba la ovolosi, napita kukasintha lamba wa makina a guluu, ndipo tsiku limenelo anamanga nati mwaukali mpaka bawuti inaduka. A Fita anaitola nabweretsa ina. Kunyumba mwamuna wake anayesa kupepesa, iye n'kumuuza kuti asiye, chifukwa wolakwa sanali iye. Chimene chinkamudya Makutu mkati sichinali a Chidindo okha. Akuba alipo kulikonse. Chinkamudya n'chakuti munthu mmodzi yekha padziko anayang'ana ntchito yake n'kuidziwa kuti ndi yotani, anamufunsa maso ndi maso, ndipo iye anamuloza kwina.

Tsiku lake lobadwa linafika n'kudutsa. Mwana anamujambulira khadi. Fomu ya chaka chotsatira itatuluka sanaitsegule n'komwe, poti lamulo loyamba lija ankalidziwa pamtima.

A Chidindo sanamudzudzule. Bungwe la ophunzira lija linawaimbiradi foni, ndipo zimene anakambirana sizikudziwika, koma munthu wa mawu okoma ngati ameneyo sakanalephera kufotokoza za mayi wakhama amene mtima wofuna sukulu unamupitirira. Lolemba lina pa bolodi la zidziwitso panamatidwa pepala: injiniya wamkulu waitanidwa ku yunivesite ya kunja kwa masabata asanu ndi limodzi, zonse zolipiridwa, kukafotokozera ophunzira a digiri yachiwiri mmene anathetsera vuto la shafuti. Anthu a m'maofesi anaomba m'manja. Amuna a m'wekishopu anawerenga, nayang'ana pakona paja, nabalalika mwakachetechete.

Lachiwiri la sabata yonyamuka, a Chidindo anatsika masitepe. Chinali chinthu chachilendo moti wina anazimitsa makina osemera kuti aone bwino. Anayenda mosamala, akudumpha madontho a oyilo, malaya oyera mbee, pulani yopinda ili m'khwapa. Anafika pa tebulo la Makutu naitambasula pamwamba pa masipanala.

"Mayi, mwana ali bwanji?"

"Ali bwino, bwana."

"Eya. Zija zinachitika zija tiziiwale, ine sindisunga mangawa. Munthu akakhumudwa amayankhula zambiri." Anakhosomola. "Pulofesa uja watumiza mafunso oti ndikayankhe pamaso pa ophunzira. Zinthu zazing'ono, kungoti papita nthawi, mutu wadzaza ndi za ofesi. Tandikumbutsani. Beling'i ija tinaisuntha zala zinayi chifukwa chiyani? Ndipo akufunsa za liwiro lina lake, ati limene zinthu zinkagwirizana. Mundilembere tsamba limodzi kapena awiri, mwachidule, m'mawu osavuta. Ndege ndi Lachinayi."

M'wekishopu monse munali zii. A Fita anaima ndi fayilo yachitsulo m'manja, osapala. Makutu anayang'ana pulaniyo nthawi yaitali. Mzere uliwonse ankaudziwa, ngakhale pamene dzanja linanjenjemera chifukwa cha njala tsiku limene anaiwala kudya. Yankho lonse linali pa lilime, losavuta, lokongola, ndipo mtima wake wa uinjiniya unkafuna kulinena, chifukwa funso labwino limavuta kulisiya. Anapukuta manja pa nsanza, chala chimodzichimodzi, kenako anapinda pulaniyo naipereka ndi manja awiri, mawondo atapinda pang'ono.

"Pepani, bwana, sindikudziwa," anatero. "Ine ndinkangothandiza."

A Chidindo anaseka, akuyembekeza kuti nayenso aseka. Makutu anali atatembenuka kale, akusankha sipanala. Abwanawo anaima pamenepo ndi pepala lawo m'manja, akuyang'ana uku ndi uku kuti mwina wina awathandiza, koma aliyense anapeza chochita. Kenako a Fita anayatsa makina osemera, ndipo chilichonse chimene abwana ananena pambuyo pake palibe anachimva.